A Musandiuze ndi Katemera Wakumwa

Alamu anga amakonza mafiriji. Ndiyambe ndi chabwino chawo, poti n'chimodzi chokha tithana nacho msanga: firiji akangoimva kulira amadziwa chimene ikudwala. Amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa kompuresa, chogwirira n'kuchiika kukhutu, n'kutsinzina ngati akupemphera. Akaphenya amangoti, "Gasi watha," kapena, "Iyi yapsa, kaguleni ina," ndipo sindinamvepo kuti aphonya. Pamenepo ulemu ndimawapatsa. Kwina konseku ndi munthu amene ndikanakonda akanakwatira mkulu wake wa munthu wina, osati wanga.

Mumsewu monse mmene muli shopu yawo amawatcha a Musandiuze. Dzinalo anthu sanachite kulifunafuna. Uwauze kuti mvula ikubwera, "Musandiuze, ndaiona kale." Uwauze kuti tayala la njinga yawo yamoto laphwa, "Musandiuze," chonsecho akuyendera limu. Eni ake dzinalo amalidziwa, ndipo amaliyesa ulemu. Tsiku lina wogulitsa penti woyandikana nawo anawalembera pachitseko ndi choko, iwo osafufuta, mpaka mvula inadzafufuta yokha.

Ntchitoyi anaiphunzira pa kampani ina yosunga nyama m'zipinda zozizira. Anakhalapo zaka zisanu ndi zinayi, n'kuchotsedwa tsiku limene kunabwera makina atsopano ndi buku lake la malangizo. Kapitawo anati aliyense awerenge kaye asanagwire kanthu. Alamu anga anatenga bukulo n'kuliika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Iwo akamafotokoza amati anachoka okha chifukwa cha nsanje ya akuluakulu. Achemwali anga akamva nkhani imeneyi amangoyang'ana zala zawo.

Kuchokera pamenepo anatsegula shopu kuseri kwa sitolo za zitsulo, kachipinda kakatali kopanda zenera, kofolera malata, kotentha ngati uvuni. Muli mafiriji khumi ndi anayi kapena kuposa, ena ochotsa zitseko, ena ogona chagada, ena eni ake anawaiwala kalekale. Pansi pali mafuta akuda, timapaipi ta kopa ndi mawaya okola mapazi. Pakhoma pali kalendala ya zaka zitatu zapitazo, akuti chithunzi chake amachikonda. Chimene chilibe malo m'menemo ndi pepala lolembedwa. Chipangizo chatsopano chikabwera, bokosi ndi kapepala kake zimapita m'dilamu ya zinyalala, chipangizocho chisanatuluke n'komwe m'pulasitiki. Amati mapepala analembera anthu opanda manja.

Achemwali anakumana nawo ku positi kumene ankagwira ntchito, alamu atabwera kudzakonza makina oziziritsa madzi akumwa. Tsiku loyamba kubwera kwathu, bambo athu anayamba kuwalongosolera njira yachidule yobwerera. Sanamalize n'komwe. "Musandiuze, bambo, kuno ndikukudziwa." Anasochera mpaka kukatulukira kumsika wa makala. Bambo anatiuza madzulo ake kuti mnyamata ameneyu makutu anamupatsira kukolekapo pensulo. Tonse tinaseka, achemwali nawo anaseka, kenako n'kukwatiwa nawo.

Musaganize kuti ndi munthu womenya mkazi. Ayi, sanawakwezerepo dzanja, mowa samwa, kunja sagona. Nkhanza zawo ndi zachifundo. Magalasi a achemwali amakasankha ndi iwo, pamsika, powayesa m'maso mwawo. Nsapato amagula ndi iwo, ndipo zikathina amati phazi ndilo latupa. Achemwali akayamba kuyankha funso, iwo amalimaliza. Zaka zoyambirira achemwali ankatsutsako pang'ono, kenako anaona kuti n'kutaya malovu. Anaphunzira kungoti, "Chabwino, bambo ake."

Ine ntchito yanga ndi ya kochapira masuti, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tsopano. Tsiku lonse ndimakhalira kutembenuza makolala, kuwerenga kansalu kakang'ono kaja kamene kamati ichi usachiviike m'madzi otentha, ichi usachisite. Ndinaonapo jekete ya bwana wamkulu ikusanduka ya mwana wa sukulu chifukwa wina anati akudziwa kale. Ndiye mutha kuona kuti ine ndi alamu anga tinabadwira kudana. Chaka chimene ndinagula firiji yanga yoyamba anabwera kudzaiona osaitanidwa, n'kuchotsamo kachipangizo kena akuti n'kongokongoletsa. Kutacha mazira onse anali miyala, mkaka utaphulitsa botolo. Nditawauza anati firiji yamphamvu imatero. Kuyambira pamenepo moni wathu ndi wongogwedeza mutu.

Achemwali anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, atapita padera katatu. Mwanayo ndinamulera nawo, amanditcha amayi aang'ono. Anakwatiwa ndi womanga milatho, ndipo ntchito inawatengera kudziko lakutali, ndege ziwiri ndi basi ya tsiku lonse. Zaka zisanu ndi chimodzi kunali zii, osamva za mimba. Achemwali sankadandaula, koma ndinkawaona akaima m'sitolo ya zovala za makanda, akugwiragwira timasokosi, n'kutibwezera pomwe anatitenga. Ndiye chaka chatha foni inalira. Mwana ndi woyembekezera, ndipo akufuna mayi ake akakhale pambali pake pochira. Matikiti atumiza awiri, a miyezi iwiri.

Achemwali anasanduka mtsikana. Analuka tizipewa, anagula matawulo, anafuna kugulanso beseni losambitsira mwana mpaka ndinachita kuwaletsa kuti mabeseni kumenekonso aliko. Ankangoti, "Mng'ono wanga, ndikamusambitse ndekha, ndikamunyamule m'manja mwangamu, basi, kaya ndife mawa lake ndilibe mawu." Pa dziko lonse lapansi ankafuna chinthu chimodzi chimenecho, kunyamula mdzukulu wawo.

Mkamwini anachenjeza pafoni kuti tauni imene akukhala madzi ake si abwino, makamaka nyengo ya mvula, ndipo tayifodi amagwetsa anthu chaka ndi chaka. Anati asanakwere ndege apite kuchipatala cha apaulendo akalandire katemera. Anapitadi. Wa matenda ena anabayidwa onse awiri, alamu akuphunzitsa namwino kagwiridwe ka jakisoni. Wa tayifodi wobaya kunalibe. Anawalembera wakumwa, woti akatenge ku famase ina pakatha masiku atatu. Famaseyo ili msewu umodzi ndi kuntchito kwanga, ndiye achemwali anandipempha kuti ndikawatengere.

Mayi wa ku famase sanandipatse ngati akundipatsa mankhwala a mutu. Anatulutsa timabokosi tiwiri m'firiji, n'kundiitanira kumapeto kwa kauntala kumene kunalibe anthu.

"Mumvetsetse, mayi," anatero. "Aliyense makapusozi anayi. Mkati mwakemu muli tizilombo tamoyo, tofoola, toti tikaphunzitse thupi kumenyana ndi tayifodi weniweni. Tikatenthedwa timafa, ndiye azikhala m'firiji, koma osati muja mouma madzi. Amwe mmodzi lero, mawa apume, mkuja wina, choncho mpaka onse anayi athe. M'mimba mukhale mopanda kanthu, ola lathunthu asanadye. Amwere madzi ozizira, osati tiyi. Kumeza wathunthu, osatafuna, osatsegula, chifukwa chikhungwachi n'chimene chimateteza tizilomboto kuti tidutse m'chifu tikafike kumatumbo tili moyo. Ndipo womaliza amwe kutatsala sabata kapena kuposa kuti anyamuke."

Anandibwerezetsa ngati mwana wa sukulu, ndipo ndinabwereza osaphonya ngakhale pamodzi. Anaika timabokosito m'thumba pamodzi ndi madzi oundana, n'kuwonjezamo mapepala awiri, limodzi la aliyense, olembedwa zonsezi m'zilembo zikuluzikulu, okhala ndi malo ochongapo masiku.

Tsopano apa ndinene zoona, chifukwa wonena za mnzake anenenso zake. Kuchokera ku famase, kunyumba kwa achemwali ndi mabasi awiri, kushopu kwa alamu ndi basi imodzi. Dzuwa linali likuswa mtengo, thumba litayamba kudontha. Ndinadziuza kuti kushopu kuli mafiriji, ndipo limenelo si bodza. Koma panalinso china. M'mutu mwanga munali malamulo asanu ndi limodzi amene a Musandiuze sankawadziwa, ndipo ndinkafuna ndikawaone nkhope ndikuwauza.

Ndinawapeza mutu uli mkati mwa firiji yaikulu ya m'sitolo, kukuoneka msana ndi nsapato zokha.

"Alamu, ndabweretsa katemera wanu."

Anatuluka, n'kupukutira manja pa ovolosi, n'kung'amba bokosi limodzi ndisanawaletse. Anayang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka wogulitsa penti uja anadzasuzumira pakhomo.

"Katemera ali kuti apa, mlamu? Awatu ndi makapusozi."

"Ndi katemera wakumwa."

"Wakumwa? Kodi iwe mawu unawaiwalira m'masuti a eni ake? Katemera n'kutema. Amatema, magazi n'kutuluka, chipsera n'kutsala." Anavula mkono umodzi wa ovolosi n'kundionetsa kachipsera ka paphewa ka ali mwana. "Uyu ndiye katemera. Izi wanyamulazi ndi zomwe timamwa chala chikatupa. Akudyerani masuku pamutu."

"Mkatimo muli tizilombo tamoyo, alamu."

"Tamoyo! Nanga tikupuma bwanji m'menemo? Tikudya chiyani?" Anaika kapusozi kukhutu n'kumugwedeza. "Sindikumva kanthu ine."

Wa penti anaseka. Ine ndinayamba kuwerenga malamulo pa zala, mokweza, kuti nayenso amve. Firiji. Kudumphitsa tsiku. Pofika pa m'mimba mopanda kanthu, alamu anakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu.

"Musandiuze. Mankhwala m'mimba mopanda kanthu? Ukufuna kundiphera mkazi? Ngakhale mwana amadziwa kuti umayamba wadya. Makapusozi ndinayamba kumwa iwe usanamere mano."

"Werengani pepalali."

"Ika apo."

"Muwerenge ine ndikuona."

"Kodi nyumba yanga akuyendetsa ndiwe? Wako mwamuna anathawa pakamwa pomwepa."

Asa! Zimenezo sakanayenera kunena. Mwamuna wanga sanathawe, ndinamulongedzera ndekha katundu, koma pamaso pa wa penti sindikanayamba kufotokoza mbiri yanga. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndinawakumbutsa za mazira anga, ndi zina zimene sindingalembe pano. Ndinatsegula firiji imodzi yokha imene inkalira, ndinaponyamo thumba lija, mapepala ndinawamenyetsa pabenchi, n'kutuluka. Malamulo atatu otsalawo ndinabwerera nawo m'mutu mwanga. Ndili pakhomo ndinatsonya kuti msewu wonse umve.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndinazimva mochedwa, zina kwa wa penti, zina kwa mwana wa achemwali, zina pakamwa pa alamu eni akewo, poti ankazifotokoza monyadira. Firiji ija inali ya kasitomala, ankangoiyesa. Mwini wake anabwera ndi galimoto madzulo omwewo. Alamu anatulutsa thumbalo, mabokosi ndi mapepala n'kuponya m'dilamu, makapusozi onse asanu ndi atatu n'kuwakhuthulira m'kabotolo kamene munkakhala timasikuluwu, n'kukaika m'thumba la pachifuwa la ovolosi. M'menemo anakhala masiku atatu, pansi pa malata aja, pafupi ndi moto wowotcherera mapaipi. Munthu wa mafiriji khumi ndi anayi! Atakumbukira anapita nawo kunyumba. Awo anayi anawameza nthawi imodzi ndi tiyi, akuti ntchito ya tsiku limodzi sungaigonetse sabata. Achemwali, poti kumeza mapiritsi kumawavuta kuyambira ali mwana, anawachitira chifundo chawo chija. Ankatsegula kapusozi, ufa n'kuthira mu tiyi wotentha, n'kutakasa ndi supuni, m'mawa ndi madzulo, atadya bwinobwino. Masiku awiri zonse zinatha.

Sabata imeneyo ndinaimba foni kamodzi, tsiku lachisanu.

"Achemwali, katemera uja mukumwa?"

"Tamwa, mng'ono wanga. Andipatsa bambo akewa."

"Chabwino."

Ndinafunsa kuti mukumwa, anayankha kuti tamwa. Ine ndinamva kuti amwa wa tsikulo, chifukwa n'zimene ndinkafuna kumva. Chakumbuyo kunamveka mawu a alamu akufunsa kuti ndani ameneyo, ndiye ndinadula. Za mwamuna wothawa zija zinali zidakali pamtima, ndipo ndinali nditalumbira kuti pakhomo pawo sindipondapo mpaka apepese. Tinakaonana kubwalo la ndege, achemwali atavala diresi yatsopano, chikwama chodzaza tizipewa, alamu akukangana ndi woyeza katundu kuti sikelo yake ndi yabodza.

Masabata awiri oyamba zithunzi zinkabwera tsiku lililonse: achemwali akusita matewera, achemwali atagwira mimba ya mwana wawo, akuseka. Sabata yachitatu zithunzi zinasiya. Kenako mwana anandiimbira ndili kuntchito, simbi ili m'manja. Ankalira.

"Amayi aang'ono, amayi agonekedwa. Thupi lakhala likutentha masiku asanu, mutu, m'mimba, sakudya, ayamba kubwebweta. Adokotala akuti ndi tayifodi."

"Tayifodi bwanji poti anamwa katemera?"

"N'zimene adokotala anafunsa. Bambo anayankha okha."

Anandifotokozera mmene bambo akewo anaimira pakati pa wodi, manja m'chiuno, kulongosolera dokotala za tiyi ndi supuni, kuti aone mmene mwamuna weniweni amasamalira mkazi. Dokotalayo akuti anavula magalasi. Kenako anati katemerayu ngakhale womwa bwino samutchinga kotheratu, ena amadwalabe, koma mmene anamwera mayiwa kunali ngati sanamwe kanthu. Alamu akuti anayankha kuti, "Nanga ine bwanji sindikudwala?"

Ndipo sanadwaledi. Madzi omwewo, mbale zomwezo, iwo ali gwa. M'mimba mwa munthu ameneyu mutha kudutsa misomali. Chilungamo chili kuti, abale? Timati safunsa anadya phula, koma uyu phula lake anadyetsa mkazi.

Mwana anabadwa achemwali ali m'chipatala china, mtunda wa ola lathunthu, madiripu ali m'mikono. Wamwamuna. Anawaonetsa pafoni, koma akuti anangoyang'ana osazindikira, kutentha thupi kutawasokoneza mutu. Anatuluka patatha masabata awiri ndi masiku, akuyenda mogwira khoma. Ndipo adokotala anawapatsa lamulo. Anati tizilomboti timatha kutsalira m'thupi munthu atachira, n'kumapatsira ena kudzera m'manja ndi m'chakudya. Mpaka atayezedwa katatu n'kupezeka alibe, asagwire khanda, asagwire botolo lake, asaphike, chimbudzi akhale ndi chawochawo. Mkamwini, munthu wa milatho, malamulo amawatsata ngati ine, ndipo sindimuimba mlandu. Anawapatsa chipinda cha kumapeto kwa nyumba. Kuyeza koyamba, tizilombo tilipo. Anawapatsa mankhwala ena. Kwachiwiri, tilipobe. Mkamwini anayesa kupempha kuti awonjezere masiku okhalira m'dzikomo, anamukana. Tsiku la tikiti linakwana.

Masiku amenewo zithunzi zinayambanso kubwera, ndipo n'zimene zinandimaliza. Alamu, amene anawayeza n'kupezeka alibe kanthu, atanyamula khanda, mano onse pamtunda. Alamu akuligwedeza paphewa. Alamu akuonetsa mkamwini kagwiridwe ka botolo. Khandalo litavala kachipewa koluka achemwali. M'chithunzi china, kumbuyo kwenikweni, chitseko chili chotsegula pang'ono, ndipo pakuoneka theka la nkhope ndi dzanja logwira felemu. Foni ndinaiponya pabedi, tsiku lonse osaigwiranso.

Atabwera ndinadikira masiku awiri kuti apume. Tsiku lachitatu lake ndinapita, lumbiro langa ndinaliiwala dala. Linali Loweruka masana. Achemwali anali pampando wa pazenera, atafunda bulangete dzuwa likuwala, tsitsi litathothoka, khosi litatsala mitsempha yokhayokha. Alamu anali atagwada pansi, akumasula kumbuyo kwa firiji ya m'nyumba, imene inalibe vuto lililonse.

Moni sindinapereke.

"Mwasangalala, alamu? Mwaiona ntchito ya manja anu?"

"Mlamu, wodwala akupuma."

"Wadwala chifukwa cha ndani? Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni? Munthu wamkulu, ndevu zoyera, kuthira katemera mu tiyi ngati shuga!"

"Ndi madzi a kumene kuja. Dokotala ananena yekha kuti ngakhale omwa bwino amadwala."

"Zimenezo ndiye munamva! Pokhapo makutu anatseguka!"

Anaimirira, sipanala ili m'manja. "Ukanafotokoza ngati munthu, osati kubwera kudzandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Ndiye ndine ndinataya pepala m'dilamu?"

"Mapepala, mapepala! Ine ndinkathandiza mkazi wanga, satha kumeza. Iwe unali kuti? Unabwerako kudzamuona ngakhale kamodzi?"

Tinakokana choncho, mawu pamwamba pa mawu, mpaka galu wa oyandikana nawo anayamba kuuwa. Ndinawatchula mayina onse amene ndinawasungira zaka makumi atatu. Iwo anabwerezanso za mwamuna wanga, n'kuwonjeza kuti anachita bwino. Pakati pathu, pampando paja, panali munthu amene tonse tinkamuloza chala ngati katundu wosweka amene tikulimbirana kuti waswa ndani.

"Panali pepala?"

Mawuwo anali aang'ono moti tinapitiriza kukuwa. Achemwali anabwereza.

"Ndikufunsa. Panali pepala?"

Ndinati eya, achemwali, mapepala awiri, olembedwa zonse, ndipo amuna anuwa anawataya. Ndinayembekezera kuti atembenukira kwa iwo. Anayang'ana ine.

"Lina linali langa?"

"Eya."

"Ndiye iwe unakalisiya kushopu."

"Kunkatentha, achemwali, madzi oundana aja anali atayamba..."

"Foni unali nayo. Unandiimbira, mawu atatu, n'kudula. Ukanangoti, achemwali, osatsegula, osathira mu tiyi, dumphitsani tsiku. Ine ndikanamva. Kumeza kumandivuta, inde, koma chifukwa cha mwana uja ndikanameza ngakhale mwala." Anaima kaye, mpweya unkawathera. "Awa ndimawadziwa, ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zitatu, sadzasintha. Iwenso umawadziwa. Umawadziwa kuposa ine, poti tsiku lililonse umandiuza za iwo. Ndiye ukuwadziwa choncho, mankhwala anga unakawasiya m'manja mwawo kuti upambane mkangano."

Alamu anatsegula pakamwa. Achemwali anangokweza chala, osawayang'ana n'komwe, ndipo munthu uja anatsekanso pakamwa, sipanala ili lende.

"Masiku khumi ndi asanu ndi anayi ndakhala nyumba imodzi ndi mdzukulu wanga," anatero. "Ndinkamumva akulira kuseri kwa khoma. Kulira kwake kwa njala ndikukudziwa, kwa thewera ndikukudziwa. Akamamusambitsa ndinkaima pakhomo, n'kumaona mwana wanga akumugwira molakwika, sopo akulowa m'maso, ine manja kumbuyo ngati wakuba. Tsiku lonyamuka anamubweretsa pafupi, apa ndi apo, ndinamva kafungo ka pamutu pake. Anzanga akubwera kudzandizonda akundifunsa kuti mdzukulu ndi wolemera bwanji. Ndiwayankhe chiyani? Sindikudziwa."

Sanalire. Ndinalira ndine, ndipo anandisiya ndilire osandigwira. Kenako anati atopa, akufuna kugona, tonse awiri tituluke.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Anawayezanso kuno katatu, tizilombo tinatha, tsitsi lameranso. Alamu ali kushopu kwawo, akuuzabe aliyense wowafunsa kuti vuto linali madzi, ndipo ndikawaona mumsewu ndimawolokera tsidya lina. Sindinawakhululukire, ndipo sindikuganiza kuti ndidzatero. Kwa achemwali ndimapita Lamlungu masana alamu akachoka. Amandilandira, amandipatsa mpando, timakamba za mvula ndi za miyendo yawo imene ikuwawa. Mwana uja wayamba kukwawa, ndinamva kwa mayi ake. Foni ya achemwali ikalira kuti kwabwera kanema wa mdzukulu, amaitenga n'kupita nayo kuchipinda, n'kutseka chitseko. Ine ndimatsala pabalaza, kudikira kuti atuluke.